Msoko wa Halina

Pachikondwerero cha nkhondo yoyerekezera ya makedzana kudera la Mazury, amuna awiri osadziwana anaima pamzere kwa wosula zitsulo. Wamkulu mwa awiriwo, Wiesław, ananyamula chisoti chake chachitsulo chophwanyika, ndipo winayo ankangomuyang'ana malaya.

"Achikulire, inu akulolani kulowa m'bwalo?"

"Andilola."

"Ine andibweza. Akuti malaya angawa ndi osoka pamakina, pomwe kalelo makina kunalibe. Lupanga ndinasula ndekha, moto ndimayatsa ndi mwala, koma andikanira ulusi! Mawa inu muzikamenya nkhondo, ine ndikuomba m'manja kuseri kwa chingwe."

"Lamulo ndi lomwelo."

"Anuwa anasoka ndani?"

"Mkazi wanga, Halina. Pamanja. Nyengo yonse yachisanu."

"Taonani msoko wake, abale! Koma anthu ena mwayi. Wanga singano saigwira n'komwe. Ali muhema umo, chifikireni akungolalata: udzudzu, utsi, udzu wogonapo ukumuyabwa. Akuti ndine mwana wandevu wosewera ndi malupanga."

"Mwabwera nawo?"

"Chaka chilichonse, kudzandinyoza basi. Nanga chigamba chapamkonochi chakhota chonchi bwanji? Mayiwo anali atalawako mowa wauchi?"

"Icho ndasoka ine. Halina tinamuika chaka chatha."

Mzere unasuntha pang'ono.

"Pepani, achikulire. Pakamwa pangapa sipaona njira."

"Mwati akulalatabe muhemamo?"

"Mpaka pano. Ndikabwerera ayambiranso."

Wiesław anayang'ana kumahema nthawi yaitali, chala chili pachigamba chija.

"Anthu ena mwayi," anatero.