Tsiku limene Anabanda anataya madzi anga

Abusa, akuluampingo, amayi ndi abambo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Inu muli kukhomoko senderani kuno, mawu a nkhalamba safika patali. Ndikufuna kuchitira umboni. Nkhaniyi ndi yolemera, koma mwini wake ndiye wandituma.

Mukumudziwa mdzukulu wanga wamkazi, uja ndinamulera mayi ake atamwalira, amene anapita ku inisitituto kukaphunzira zauphunzitsi. Tsiku lina m'mawa ndikukumba mbatata kumunda kwathu ku Lifidzi kuno, ndinangomuona waima pamzere, nsapato imodzi ili m'manja. Ndinati, "Iwe, sukulu mwatsekera liti?" Anangokhala padothi n'kunena kuti, "Agogo, andigwiririra." Mnyamata wa kalasi yapamwamba anamutsekera m'chipinda chosungira mabuku dzulo lake.

Abale, ine sukulu sindinaponde. Chimene ndinkadziwa n'chija anatiphunzitsa amayi athu: mwana akadetsedwa, tereka madzi, thyola masamba, umusambitse, zovala utenthe, pakamwa utseke. Titafika kunyumba ndinamuveka kapulana, chitenje changa. Bulauzi yake ndinaiponya pamoto ndi manja anga awa, inapsa ndikuona.

Koma mwambo wathu mukuudziwa, kusambitsa kotereku sachita munthu mmodzi, pamafunika mayi wina wogwira beseni. Ndinaitana Anabanda oyandikana nane, aja anakolopa kuchipatala mpaka kukalamba. Atangoona beseni analikankha ndi phazi, madzi onse khuthu!

"Anaphiri, mwapenga? Mukufuna kumuchapira mlandu mnyamatayo?"

Ndinati, "Ndiye mwana wanga akhale ndi litsiro la munthu m'thupi?"

Iwo amvekere, "Litsirolo ndi limene likalankhule. Asasambe, ngakhale m'manja. Nyamukani!"

Siketi ndi kabudula wam'kati zinali zisanapse. Anazikulunga m'pepala la thumba la simenti, ati mupulasitiki zimavunda.

Kukaposto, kachipatala kathu kakang'ono, namwino anatimvera chisoni, koma anati zipangizo alibe, ndipo munthu wophunzira kupima zoterezi ali kuchipatala chachikulu. Shapa, maminibasi aja, zinadutsa zodzaza. Tinakwera lole ya mbatata, dzuwa lili paliwombo. Titafika, anzathu a pamzere anatiuza kuti popanda pepala lakupolisi sationa. Mwana uja anagwira chipata nati, "Agogo, tiyeni tizibwerera. Sindingafotokozenso kwa amuna a yunifolomu."

Apa mvetserani bwino! Pa mphindi yomweyo panatulukira namwino wina wamkazi, chikwama paphewa, akuweruka. Anaona pepala la simenti lija m'manja mwanga n'kuima. "Mayi, anakuphunzitsani ndani kukulunga chonchi?" Analoza mwanayo. "Wasamba?" Ndinati ayi. Anatsitsa chikwama. "Lowani. Apolisi tiwaitanira konkuno, ndipo abwera wamkazi."

Abale, zimene ndinaona m'chipindamo sindinazionepo. Asanakhudze paliponse ankayamba wafunsa, "Ndigwire apa, mwanangu? Ukati ayi, ndisiya." Ine kukula konseku sindinamvepo mkazi akufunsidwa chotero pa thupi lake. Bala lililonse analiyeza n'kulilemba. Kenako anatenga kamtengo kathonje n'kukolowola pansi pa zikhadabo. Pansi pa zikhadabo, abale, pomwe ine ndimangoonapo dothi! Anapezamo khungu ndi magazi, chifukwa mwanayo anamukanda mnyamata uja pakhosi polimbana. Mulungu wathu amasunga choonadi m'malo aang'ono kuposa njere ya nyemba. Anamupatsanso mankhwala oteteza kachilombo, nati masiku atatu akanadutsa sakanagwiranso ntchito. Ine ndinangokhala pansi.

Mnyamata uja anakana, ati tsikulo anali ku Kalomwe. Abale ake anabwera ndi mbuzi kuti tikambirane pakhomo, ndinawabweza nayo. Kukhoti anawerenga pepala la namwino uja, n'kumuuza mnyamatayo kuti atsitse kolala. Zipsera zinali pomwepo. Anazyolika.

Lero mnyamatayo ali kundende. Anabanda mwendo ukuwavuta, n'chifukwa chake simukuwaona, koma ati muimbe mokweza amvere kwawo. Namwino uja atsikana akuinisitituto anakamupempha pamodzi ndi akuluakulu a sukulu kuti aziwathandiza, ndipo tsopano zikachitika amamuimbira foni, mwana amatengedwa pa mota, njinga yamoto, tsiku lomwelo, osazunguliranso monga tinazungulira ife. Ine bulauzi ija imandiwawabe, koma Ambuye anandikhululukira umbuli wanga.

Mwanayo anabwerera kusukulu n'kumaliza, pano ndi mphunzitsi, ana a kalasi yoyamba akumutcha aprofesora. M'mawa uno ndinamufunsa, "Dzina lako ndibise?" Anati, "Agogo, manyazi si anga. Litchuleni mokweza."

Lusiya, imirira mwanangu, anthu a Mulungu akuone.

Zikomo Yesu! Amayi, nthungululu zili kuti? Kondwerani nane!