Buku limene bambo anasuta

Kalelo, mgodi wa ku Mvuma ukadali ndi moyo, ine ndili ndi zaka khumi ndi zinayi, amayi anabwera ndi buku kuchokera kunyumba ya mzungu kumene ankachapa zovala. Mwana wa mzunguyo anali atalitaya. Ikani kaye mafoniwo pansi, adzukulu inu, magetsi a muno mu Mkoba sabwera dzuwa lili pamutu chonchi, ndipo iwe Tariro sendera kuno, poti nkhaniyi waiputa ndiwe.

Bukulo linali la anthu okwera chombo kupita kudziko lina kuseri kwa nyenyezi, kukakumba miyala yowala. Mtima wanga wonse unali pa mkulu woyendetsa chombocho, munthu wosaopa zilombo za maso asanu, moti ndinkayenda m'komboni nditatukumula chifuwa ngati ndine amene. Lamulungu masana bambo anga, amene anachoka ku Dedza ali mnyamata kudzagwira ntchito pansi pa mgodi kudziko lino la olankhula Chishona, ankandikhazika patsinde pa mango n'kumati, "Tamasulira m'Chichewa, tione ngati sukuluyo ikugwira ntchito." Koma bambowo ankasowa pepala lopichirira fodya, ndipo ataona kufewa kwa masamba a buku langa anayamba kung'amba chakumapeto. Nditadandaula anati, "Iwe yambira kutsogolo, ine kumbuyo, tikumana pakati." Musaseke, ndinalira ine.

Tinakumanadi, pamene chombo chinkakonzeka kubwerera. Bambo za mkulu wachombo analibe nazo ntchito, iwo funso lawo linali limodzi: "Nanga okumba aja, akwera nawo? Akafika kwawo?" Tsamba la yankho linali litapita kale ndi utsi. Ndinangoti inde, onse anakwera, ndipo kwawo anawalandira ndi ng'oma. Bambo anagwedeza mutu nati, "Buku labwino."

Iwo ku Dedza sanabwerere, chifuwa cha fumbi chinawagoneka ku Mvuma komweko. Zaka zonsezi ndakhala ndikudzifunsa ngati tsiku lija ndinawanamiza kapena ndinalasa.

Ndiye mwezi watha Tariro uyu, potsika kombi yochokera kusukulu kwake ku Senga, anaona chikuto cha buku lija, chimene ndinkamufotokozera chija, pamulu wa mabuku akale amene munthu amagulitsa m'mbali mwa msewu. Anandigulira bukulo, ndinaliwerenga masiku atatu, magalasi ali pamphuno, ndipo ndinadabwa. Zilombo zija sizikuopsanso. Makina oyankhulana nkhope zikuoneka, amene ndinkati ndi matsenga, ndi omwewa mukutokosa inuwa. Mkulu wachombo uja, ngwazi yanga, ndapeza kuti amayankhula ndendende ngati kapitawo amene ankatukwana bambo. Kodi buku limasintha likakhala lokha, kapena wasintha ndi wowerengayo? Ine sindikudziwa, koma zikundisangalatsa.

Nditafika pamene tinakumana ndi bambo, sindinaime. Ndinawerenga mpaka tsamba lomaliza, n'kubwerezanso. Chombo chinanyamuka, mkulu uja anakwatira, miyala inafika bwino. Okumba aja sakutchulidwa n'komwe. Sanawatenge, sanawasiye, wolembayo anangowaiwala.

Tariro anandifunsa m'Chishona chake chija, "Saka sekuru, makanyepa here?" Akuti kodi ndinanama. Ndinamuuza kuti sindinaname, chifukwa bambo anga, munthu amene sankadziwa ngakhale chilembo chimodzi, anafunsa zimene wolemba buku sanaziganize, ndipo yankho lokhalo limene lilipo padziko pano ndi lija ndinapereka patsinde pa mango. Mawu a akulu amakoma akagonera, awa agonera mpaka ine kumera imvi.

Choncho adzukulu, werengani mabuku anu a zombo ndi zilombowo, ndipo muwasunge kuti mudzawatsegulenso mutakalamba, koma nthawi zonse muzifunsa za amene anakumba. Tariro, tenga cholembera, kumapetoko kuli tsamba lopanda kanthu. Lemba bwino, zilembo zikuluzikulu: okumba onse anakwera, ndipo mmodzi anatsikira ku Dedza.