A Chipeso, Mayi Oveka Zidole Tsitsi

Anamfedwa nonse, abale ndi abwenzi, amene agona patsogolo pathuwa ndi mayi amene kunyumba, kuntchito ndi kutchalitchi komwe timangowadziwa kuti a Chipeso. Anabadwa m'chaka cha 1983, achiwiri m'banja la ana anayi. Kwawo kunali kachipinda ka kuseri kwa saluni ya mayi awo, ndipo asanadziwe n'kulemba komwe anali akugawa kale tsitsi la anthu mizere. Dzinali linadza chifukwa chipeso sichinkachoka m'mutu mwawo. Ngakhale pa tsiku la ukwati, amalume awo anachita kuwazula chipesocho pakhomo la tchalitchi.

Sukulu anayamba ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Masamu ankawavuta, tisabise, koma makope awo ankadzaza ndi mitu ya anthu. Aphunzitsi onse analowamo, aliyense ndi dazi lake. Atamaliza sekondale anakaphunzira zojambula kwa zaka zitatu, ndipo n'kumeneko kumene anakhudza kompyuta koyamba.

Mu 2009 anamanga banja ndi bambo akhala apawa, okonza mafiriji. Mulungu anawadalitsa ndi ana awiri.

Patapita zaka ziwiri analembedwa ntchito pa kampani yopanga makatuni a ana. Ambiri pano munkangomva kuti amagwira za zidole, ndiye mundilole ndifotokoze pang'ono. Chidole chikaumbidwa mu kompyuta chimatuluka ndi mutu wa mpala. Chikatero chinkafika pa tebulo la malemuwa, iwo n'kuchiveka tsitsi, chipewa, ndolo, mandala kapena mikanda. Sikungoika ayi. Chidole chikacheuka tsitsi lizitsatira, chikalumpha chipewa chisatsale m'malere, ndolo isalowe m'tsaya. Ndolo imodzi inkatha kuwadyera tsiku lathunthu. Akaona mnzawo wachita za phuma ankati, "Mwana wa eniake mukumutulutsa chonchi? Wanu mungamutumize kusukulu atatere?"

Pulogalamu imene ankagwiritsa ntchito inabwera ndi tsitsi lake lokonzeratu, lonse losalala ngati ndevu za chimanga. Malemu anakana. Anakhala miyezi isanu akuumba okha zingongo ndi tsitsi loluka, chingwe chimodzichimodzi, abwana akung'ung'udza kumbuyo kwa mpando wawo. Katuniyo itatuluka, ana anayamba kuloza pa kanema n'kumakuwa kuti, "Uyo waluka ngati ine!" Abwana aja sanang'ung'udzenso.

Kutchalitchi anali a kwaya. Mawu awo sanali a patali, koma sankajomba, ndipo palibe woimba ankakwera kutsogolo kolala itapindika iwo akuona.

Kumayambiriro kwa chaka chatha, cholembera cha pa kompyuta chinayamba kuwapulumuka m'manja. Anzawo ankaseka, iwonso ankaseka nawo. Kenaka anayamba kulephera batani la bulauzi. Amuna awo anayenda nawo zipatala zitatu, ndipo yankho linali limodzi: matenda ofooketsa minyewa pang'onopang'ono, opanda mankhwala. Bambowa, amene moyo wawo wonse chinthu chikafa amachitsegula n'kuchidzutsa, anafunsa dokotala kuti, "Ndiye ine ndizitani?" Dokotala anati, "Muziwatembenuza, muziwamwetsa madzi."

Akuntchito ananyamula kompyuta n'kukaiika m'chipinda chogona, pafupi ndi zenera. Malemu anali atayamba kuluka kamtsikana kena ka m'katuni yatsopano, ndipo sanafune kukasiya theka. Amuna awo ndiwo ankagwira mausi ndi manja awo a sipanala, iwo akulamula ali pa pilo. Oyandikana nawo nyumba ankamva: "Kumanzere pang'ono, bambo a ana. Iii, mwaboola khutu la mwana!" Anatero kwa miyezi iwiri. Atafika pakati pa mutu, mawu nawo anayamba kuzilala, mpaka anatheratu.

Kamtsikanako kadakali choncho. Anthu anayi kuofesi ayesa kukamaliza, koma kakangoyenda, tsitsi limalowa m'khosi. Malemu sanalembe paliponse mmene ankachitira, ndipo ofunsa anachedwa kufunsa.

Tinapemphera, tinasala kudya, tinasinthana pa mpando wa pambali pa bedi. Tinalibe china choti tichite. Nzeru zawo zinali zonse, maso akuona chilichonse, thupi lokha ndi limene linkatseka zitseko chimodzi ndi chimodzi.

Lolemba lapitali m'mawa, mwana wawo wamkazi analowa kudzatsanzika popita kusukulu, tsitsi lili nyankhalala. Malemu anamuyang'ana, kenaka anayang'ana amuna awo. Bambo anamva. Anakhazika mwanayo pansi pambali pa bedi nayamba kumuluka. Mizere inkakhota, tsitsi linkamasuka, mwana akuti, "Adadi, mukundipweteka." Malemu ankangoona zonsezo, misozi ikutsikira m'makutu, osatha kunena pamene palakwika. Mwana anapita kusukulu choncho. Nthawi ya 10 koloko m'mawa womwewo, mayi ake anatisiya, ali ndi zaka 41.

Asiya amuna awo, ana awiri, wamwamuna wa zaka khumi ndi zitatu ndi wamkazi wa zaka zisanu ndi zitatu, alongo awo awiri ndi mng'ono wawo mmodzi, apongozi, komanso mayi awo owabala, amene akhala apo.

Manja a malemuwa anatopa kale iwo asanatope. Tsopano apumule onse, mu mtendere wa Ambuye.