Chakhumi cha NaTembo Chinandisungira Ana

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, nonse amene mukuwerenga mawu angawa. Ine ndine NaPhiri, wa mudzi wina kufupi ndi Madzimoyo. Ndikufuna ndikuuzeni za chaka chimene ndinatsala pang'ono kulandidwa ana anga awiri, ine ndili moyo, chifukwa chosowa mbewu yobzala.

Inali nthawi ya Chitaganya, Chipata akali kuitcha Fort Jameson. Amuna anga anapita ku Wanki kukakumba malasha. Chaka choyamba anatumiza bulangeti, kenaka zii. Ndinatsala pamudzi pa kuchimuna ndi ana anga, Esinati ndi mlongo wake Yohane. Kwathu kuno kwa Angoni ana ndi a bambo, pakuti ng'ombe za malowolo zinapita kwa makolo anga. Ndinkadziwa bwino kuti chondisunga pamudzi paja ndi khasu langa basi. Munda umene anandipatsa unali wamchenga, chimanga sichinkabereka kwenikweni. Chotidyetsa chinali mtedza, umene ndinkasinthanitsa ndi chimanga, wina n'kugula mchere ndi nsalu.

Chaka chimenecho mtedza unachita bwino. Monga amachitira mayi aliyense, ndinasankha waukuluwaukulu wa mbewu n'kuusunga m'thumba m'nyumba mogona, wotsalawo ndinathira m'nkhokwe. Itayandikira Sabata ya masika, pamene Akhristu amapereka chakhumi cha zokolola, mkulu wa mpingo anatidzudzula kuti ena timasesa mphwephwa n'kupita nazo kwa Mulungu, ngati kuti Iye saona m'kati mwa khoko. Ine mtima wanga ndi waphuma, ndikamva chinthu sindigona nacho. Ndinafika kunyumba, n'kukhuthula thumba la mbewu lija m'dengu, n'kukapereka lonse. Ndinati mbewu ndidzasankhanso m'nkhokwe, mvula ikali kutali.

Sindinasankhe. Mwezi wa dzuwa, anthu osaka mbewa anatentha tchire, mphepo n'kutembenuza moto uja kudza nawo kumudzi. Tinali kudimba. Pamene tinkafika, nkhokwe za mbali yathu zinali phulusa lokhalokha, yanga ndi za anzanga oyandikana nawo. Nyumba yanga inapulumuka. Ndinalowa m'kati, n'kuona thumba lopanda kanthu lili pakona pomwe ndinalisiya. Ndikanapanda kupereka, mbewu yanga ikanakhala ili pomwepo.

Alamu anga aZulu, akulu awo a amuna anga, sanali munthu woipa, koma sankadziwa kukuluwika mawu. Anandiuza kuti chakudya cha chaka chino atigawira, popeza ana ndi magazi awo, koma sangadyetse nyumba ziwiri zaka ziwiri. Mvula yobzalira ikadutsa munda wanga uli wosabzala, ana akalowa m'nyumba mwawo, ine ndibwerere kwathu. Akazi awo, NaTembo, anali atakhala pambali, maso ali pansi. Mayi ameneyu anali atakalambira pabanja wopanda mwana, ndipo kutchalitchi anasiya kalekale. Ndinamuyang'ana n'kudziuza mumtima kuti basi, walandira ana osamva nawo ululu. Kuyambira tsiku limenelo ndinkamuopa kuposa njala.

Ndinayamba kuthamangathamanga. Ndinapita kwa mkulu wa mpingo uja, manyazi nditawasiya kunyumba, kukapempha kuti andibwezereko ngakhale lichero limodzi. Bamboyo anagwetsa nkhope, nati za masika zonse zinagulitsidwa kale kuti aphunzitsi alipidwe, ndipo naye nkhokwe yake inapsa tsiku lomwelo. Ndinasenza nkhuni kukagulitsa ku Kapata m'tauni, ndinachapa zovala m'makomo mwa akazi a makalaliki, koma zimene ndinkapeza zinkathera sopo ndi mchere. Mtedza wa mbewu pamsika unali utakwera mtengo, pakuti aliyense ankaufuna. Mayi wina wogulitsa atamva nkhani yanga anaseka mpaka kugwira m'mimba, nati, "Nanga si munapatsa Mulungu nshawa zanu? Kamuuzeni akubwerekeniko." Ndinabwerera wapansi njira yonse ndikulira, osasamala kuti akundiona ndani.

Anthu amati kupatsa n'kuika. Masiku amenewo mawu amenewa ankandinyansa. Ndinaika kuti? Ndinaunga mizere munda wonse ngakhale ndinalibe choikamo, chifukwa ndikakhala pansi mutu unkazungulira. Chizimalupsa chinagwa. Kenaka inagwa mvula yeniyeni, nthaka n'kunyowa mpaka pansi, mudzi wonse n'kukhamukira kuminda. Esinati anali atamva kwa anzake zoti ndichoka, ndipo anandifunsa ngati kwathu kumene ndikupitako ndi kotalika kuti mwana sangafike wapansi.

M'mawa mwake ndinapita kumunda chimanjamanja, ndinagwada m'matope pakati pa mizere. Limene ndinapemphera silinali pemphero laulemu, ndisakunamizeni. Ndinati, "Ambuye, amuna munandilanda, ndinakhala chete. Mtedza sindinakupatseni woola, ndinakupatsani wa pamtima. Kodi anawa muwafunanso? Ngati mwawafuna, yambani mwatenga ine." Ndinalira mpaka mawu anasasa, ndipo palibe chimene ndinamva, koma njiwa m'tchire.

Nditadzutsa mutu ndinaona NaTembo akubwera m'kanjira, dengu lili pamutu, lovundikira ndi nsalu. Ndinati wabwera kudzandiuza kuti ndimange katundu. Anatula dengu pamzere, n'kuvundukula. Munali mtedza woswa kale, wofiira, waukuluwaukulu.

"Amake Esinati, imani tibzale, dothi lingaume," anatero.

Ndinamufunsa ngati alamu akudziwa. Anati mtedzawo ndi wa m'munda mwake, sanabe wa munthu. Kenaka anakhala pansi m'matope momwemo, nayankhula mawu amene sindidzawaiwala.

"Ine chakhumi n'nasiya kupereka. N'nati Mulungu anandimana mwana, nanenso n'zam'mana nshawa zanga. Chaka n' chaka nimapatula gawo lake, koma kutchalitchi sinipita nalo, nimangogulitsa na mkwiyo. Ana anu niwafuna, sininganame. N'nawagulira na mphasa. Koma dzulo Esinati anabwera kwanga, anagwada pakhomo, nati, amama akulu, mukatitenga muzilola amama azibwera kutiona. Ichi n'chakhumi changa, amake Esinati. Nachipereka."

Tinalira tonse awiri, kenaka tinabzala. Iye ankaboola, ine ndikuponya ndi kukwirira, mpaka dzuwa linapendeka. Alamu anatipeza tili pamizere yomalizira. Anaima akuyang'ana akazi awo, akuyang'ana dengu. Anangoti, "Munda wabzalidwa," n'kutembenuka. Nkhani yotenga ana sanaitchulenso.

Njala ya chaka chimenecho inatipweteka ndithu, musaganize kuti zonse zinasanduka uchi. Tinadya maungu osakhwima, Yohane anatupa mapazi, amuna anga sanabwere mpaka lero. Koma ana anga ankagona m'nyumba mwanga, ndipo ine ndinkamva kupuma kwawo.

Abale anga, sindikukuuzani kuti chakhumi ndi malonda, kuti ukaponya dengu limodzi ubweza awiri. Ine ndinapereka, nkhokwe n'kupsa. Ndiponso amayi anzanga, mbewu muzisunga, Mulungu sanatilamule kuti tisiye nzeru pakhomo la tchalitchi. Chimene ndikuchitira umboni n'chakuti pamene gawo la Mulungu lili m'manja mwathu, kuli wina amene wagwada m'matope akulidikira, ife osamudziwa. Langa linakalipira mphunzitsi amene sindinamuonepo. La NaTembo linafika kwa ine tsiku limene ndinalibenso kolowera.

Ndikuyamika Ambuye amene anamva pemphero lamwano la mkazi wosweka mtima. Inu amene muli m'masautso lero, limbikani, musaleke kupemphera ngakhale mawu atakhala owawa, ndipo musam'mane Mulungu chifukwa cha zimene mukuona kuti wakumanani. NaTembo sanabale mwana mpaka imfa yake. Koma atadwala mu ukalamba, Yohane ndiye ankamunyamula kupita naye padzuwa, ndipo mayiyo anatsirizikira pamiyendo pa Esinati.