Nsalu imene Zuze anakana kunyamula

Zaka zimene nkhondo ya azungu inali itangotha, mbatata za kachewere zisanayambe kukwera magalimoto kuno ku Kalomwe, ife a ku Domwe tinkapita ku misa ya ku Lifidzi wapansi, ndipo munthu sankayenda yekha. Inu a lero mumaimba pamodzi Lamulungu, mukatuluka aliyense njira yake, koma ife tikangobatizidwa akatekista ankatigawa awiriawiri n'kunena kuti, "Uyu ndiye mnzako. Akasochera iyeyu, ndidzafunsa iwe." Ine anandipatsa Zuze, munthu wamfupi wosadziwa kulemba ngakhale dzina lake, pamene ine ndinali nditadziphunzitsa zilembo m'kabuku ka katekisimu ndipo ndinkayenda chokweza mapewa. Koma pokwera ndi kutsika zitunda zija tinazolowera kuuzana kaye zimene tikaulule kwa a padiri, ndipo ndikadumpha china iye ankaima pakati pa njira, amvekere, "Nanga ndewu ya pamowa ija waisiyira ndani?"

Tsono ine miyendo yanga sikhazikika, si uyu mukundiona ndi kathumba mpaka lero. Nditakwatira aNambewe m'tchalitchi, mwana woyamba akali kumsana, ndinapita ku Halale kukaumba njerwa. Ndinati chaka chimodzi, koma zinakwana zitatu, ndipo chachitatucho m'kanyumba kanga munali mkazi wina, Rozina, amene sindinamuuze kuti kwathu ndinasiya banja.

Masiku amenewo, ana inu, munthu wobwerera kumudzi ankanyamula timitolo ta anzake otchona. Nsalu ikafika kwa mkazi, abale ake ankatonthola chaka china, poti mkamwini akadakumbukira. Ndipo wonyamulayo sankaulula zimene waona kumeneko, aliyense ankadziwa zimenezo.

Mwezi wa dzuwa lotentha, mvula ili pafupi, Zuze anatulukira pakhomo panga ku Halale. Anali atagwira ntchito ya fodya miyezi ingapo ndipo tsopano ankabwerera kumudzi kukabzala. Anandiuza kuti amalume a aNambewe atopa: mvula ikagwa ine kulibe, amupereka kwa mwamuna wina, ndipo iye, mkazi wa ukwati wa m'tchalitchi, adzaleka kulandira ukalistiya chifukwa cha ine. Ndinathamangira kusitolo n'kugula nsalu yabwino yamaluwa ofiira.

"Kampatse, ukanene kuti ndili ndekha, ndibwera chaka chamawa."

Anaifunyulula, anaiyamikira, n'kuipindanso bwinobwino. "Nsalu ndi yokongola, Manuwele. Koma ikulemera, sindingaithe."

"Iwe wanyamula mtolo wa aliyense pano, mpaka nsapato za munthu wa ku Dedza!"

"Enawo akatekista sanandipatse."

Ndinamunyoza tsiku limenelo, ndinamutcha mbuli, ndinati apite akalalikire mbuzi zake. Iye anangotenga njerwa yosweka, n'kukhalapo pakhomo panga. M'mawa mwake kamiyau, lole ya anthu obwerera kumudzi, inanyamuka iye ali pomwepo, mikanda yopempherera ya kolona m'manja. Ndinati, "Munda wako ukudikira, wopusa iwe." Anati, "Ukudikira tonse awiri."

Sanakalipe, sanalalikire, ndipo kwa Rozina sananene kanthu koipa. Ankamutungira madzi, ankamuthokoza akadya, koma pomupatsa moni ankangoti "mayi." Inu mukudziwa kuti mkazi wa mnzako wapamtima ndi alamu, mumaseka naye, mumatonzana. Rozina anaona zimenezo, ndipo tsiku lachisanu ndikuchokera ku uvuni anandifunsa Zuze ali pomwepo, "Kodi mnzanuyu ndinamulakwira chiyani? Bwanji sanditchula alamu?"

Ndinayang'ana Zuze ndi maso opempha kuti aseke, aziphimbe ndi nthabwala monga mwamuna aliyense akanachitira. Iye anangoyang'ana pansi, n'kudikira. Pamenepo m'pamene ndinazinena ndi pakamwa panga: mkazi, mwana, ukwati, zonse. Rozina sanalire pamaso pathu. Anamanga katundu wake, ndipo potuluka anauza Zuze kuti, "Inu nokha ndinu amene simunandinamize pakhomo pano." Mawu amenewo amandiwawabe, pakuti nayenso ndinamulakwira, ndipo sindinamuonenso kuti ndipepese bwino.

Poti kamiyau ija inali itatisiya, ine ndi Zuze tinafika ku Domwe mvula itagwa kale, chimanga cha anthu chitamera. ANambewe sanandilandire ndi nthungululu ayi. Ananditungira madzi osamba ngati mlendo, ndipo amalume awo anandilimitsa dzinja lonse ngati mkamwini watsopano ndisanaloledwe kulankhula pa nkhani za banja. Koma pa Pasaka tinagwada pamodzi kutsogolo kwa guwa. Zuze yekha anabzala mochedwa, chimanga chake chinathera m'mawondo, ana ake anadya mbatata ndi nyemba mpaka kukolola kwina, ndipo mpaka tsiku limene tinamuika sanandikumbutsepo ngakhale kamodzi.

Lero ndimamva achinyamata akuti, "Za mnzanga sizindikhudza, Mulungu adzaona yekha." Inde adzaona, koma kwa ine anaona ndi maso a munthu wamfupi uja. Choncho posankha wopemphera naye, musangotsata wokusekererani. Funani amene angalole kutaya chake chifukwa cha inu, ndipo inunso mukhale wotero kwa wina. Tsiku limene adzakhale pakhomo panu osafuna kuchoka, musadzamusiye panjerwa monga ndinachitira ine. Mudzamutulutsire mpando.