Chogwirira cha Sutikesi

Aulutsi, muwerenge nkhani yangayi koma dzina langa lisamveke. Ndimagwira ntchito ku njanji kuno ku Kabwe. Kapitawo wathu wachizungu atamanga katundu kubwerera kwawo, anandigulitsa kamakina kozungulitsa mtengo posema. Ndalama zimene ndinalipira zinali zoti akazi anga akaonere amayi awo ku Katete, koma ndinati adzapita chaka chamawa.

Anadandaula miyezi yambiri. Iwo ankachokera pamzere wogulira sopo ndi mafuta a saladi manja ali lende, n'kundipeza ndagula tchizulo ndi vanishi. Ine ndinkati mwamuna wosamwa mowa ayenera kukhala ndi kake komusangalatsa.

Loweruka lina mitengo inandithera. Ndinatenga munsi wa muwanga umene apongozi anapatsa akazi anga tsiku la ukwati wathu, ndinaudula n'kusema zoikapo makandulo. Pochokera ku msonkhano wa amayi a mpingo, akazi anga anaona zipalapala pakhomo, anatola kachidutswa n'kukamanga pansonga ya chitenje. Kuyambira pamenepo kudandaula kunatha.

Sabata yatha anabwera pamene ndimasemera, n'kugwada.

“Atate ake mwana, chogwirira cha sutikesi yanga chinathyoka. Mundisemereko cholimba, chopirira ulendo.”

Ndinakondwa kuti tsopano makina anga awaona ntchito yake. Ndinachisema bwino, ndinapaka vanishi, ndinachimangirira ndekha.

Dzulo ndinafuna kusuntha sutikesiyo kuseri kwa chitseko, ndipo inandilemera. Zovala za mwana pachingwe palibe. Akuphika, akundipatsa moni mwaulemu, koma za ulendo sakutchula.

Amuna anzanga, mkazi akamadandaula ndiye kuti akadali wanu. Wanga anasiya.