Bokosi la Sewero Linanditcha Mfiti

Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Aleluya! Ndikufuna kuchitira umboni, ndipo ndikalira mundipirire.

Ambiri mumandidziwa kuti ndimathyola tiyi ku esiteti, koma ndimalembanso masewero a gulu lathu la zisudzo. Ndinadziwana ndi bambo wina wa ku Karonga, nayenso wolemba masewero, ndipo tinayamba kulemba limodzi sewero la mayi wofedwa mwamuna. Pa foni zinkavuta, mayunitsi ankangotha. Kenako bungwe lina linatipatsa ndalama zoyendera, kuti ife tipite kwawo, iwonso adzabwere kuno. Ndinavina, abale, osadziwa chimene ndikuvinira.

Seweroli linkafuna bokosi la maliro. Tinakhomeratu lathu, la matabwa opyapyala. Koma titafika nalo pa Nkando, kondakitala anakana. Akuti, "Mayi, bokosi m'minibasi mwanga? Mukufuna mundigwetsere tsoka?" Ndalama zija zinali za anthu basi, zobwerekera galimoto ya katundu panalibe. Ndinalibweza kunyumba, kulayini kumene timakhala antchito a esiteti, n'kulifunditsa chitenje kuseri kwa chitseko. Amuna anga anaseka, akuti, "Mayi a Chisomo, mwandimangira kale nyumba ndili moyo?" Tonse tinaseka. Tinaseka, amayi!

Ndili ku Karonga, amuna anga anagwidwa ndi malungo aakulu kunyumba. Uthenga woyamba unati adwala. Wachiwiri unandipeza ndili m'basi, unati atisiya. Karonga ndi kutali, abale anga. Msewu uja sukutha, iwe ukulira, anzako akugula chimanga chootcha pa zenera. Ndinafika ataika kale.

Ndiye abale a malemu pokonza m'nyumba anali atavundukula chitenje chija. Mukuganiza kuti anati chiyani? Alamu anga, achemwali awo a malemu, anandiloza chala pamaso pa anthu. "Unakonzeratu bokosi, iwe n'kuthawira kumpoto kuti zichitike uli kutali. Mfiti iwe!" Bokosilo anali ataliwotcha. Kumanda anandiletsa. Mtumbira wa mwamuna wanga sindinauone.

Ndinakhala ngati galu wa chiwewe. Pa mjigo amayi ankachotsa ndowa zawo ndikafika. Chisomo anasiya sukulu, anzake akumuimba kuti mwana wa mfiti. Ngakhale muno, inde muno, benchi langa linali langa ndekha. Sindikunyoza munthu, ndikungonena zimene zinachitika. Ndinkapemphera mawu amodzi okha: Ambuye, mukudziwa Inu.

Nthawi ya ulendo wa anzathu a ku Karonga itakwana, a bungwe ankafuna tikasewere ku tawuni. Bambo wa ku Karonga uja anawachonderera. Anati, "Tiloleni tikasewere kumene mlongo wathu akudedwa." Anatsika pa Nkando, n'kukhoma bokosi lina masana, pa bwalo la mpira la kulayini, aliyense akuona. Anthu anadzaza, ena kudzangoona mfiti.

Wosewera namfedwa ndinali ine. Nditagwada pa bokosi lija, mawu onse amene tinalemba anandithawa. Ndinangoitana dzina la mwamuna wanga. Ndinalira maliro amene anandimana, ndinalira mpaka mawu anatha. Kenako ndinamva manja akundigwira m'mapewa. Ndimayesa ndi mnzanga wa m'sewero, koma anali alamu anga, misozi ili mbwembwembwe. Anati, "Mlamu, dzukani. Mawa ndikakuonetseni pamene tinamugoneka."

Amuna anga sanabwerere, abale. Nyumba ya kampani anatilanda, pano tikukhala kwa amayi anga ku Likhubula, ndipo ena mpaka lero amandilambalala. Koma dzulo ndinakalambula pa mtumbira paja, ine ndi Chisomo ndi azakhali ake, makasu atatu. Ndikuthokoza Mulungu amene sanandisiye ndife ndi dzina la ufiti.

Alamu, muli kumbuyoko, taimirirani anthu akuoneni. Amayi, ndithandizeni nthungululu, ine mawu andithera. Amen!